Zomwe ndaphunzira popenta DT 125 ya bambo anga

Njinga yamoto imene ndikunenayi ndi Yamaha DT 125 yomwe bambo anga ankayendera m'midzi ya ku Mitundu ali mlangizi wa zaulimi. Atatisiya, inakhala zaka zinayi kuseri kwa nyumba itafunditsidwa pulasitiki. Injini anandidzutsira ndi makaniko, koma ndikaiyang'ana mtima unkandiwawa. Thanki yoyera ija inali itasanduka yachikasu, mbali ina itaphwanyika pomwe pamagunda bondo, dzimbiri litayamba kudya m'mphepete mwa chivundikiro cha petulo. Ndinatsimikiza zoipenta ndekha pakhomo, ngakhale ndinali ndisanagwirepo chitini cha penti wopopera.

Kumasula sikunandivute. Ndinachotsa thanki, madigadi, zotchinga za m'mbali ndi ekizozi, chilichonse ndikuyamba ndachijambula pa foni kuti ndisadzasokonezeke pobwezera. Chimodzi chokha chimene ndinachita bwino kuyambira pachiyambi ndi kuopa thanki. Chimene chimaphulika ndi mpweya wa petulo wotsalira m'kati, ndiye thanki yooneka ngati yopanda kanthu ndi yoopsa zedi ikayandikira moto kapena girayinda. Ndinakhuthula petulo yense, n'kuitsuka ndi madzi a sopo, n'kuiumitsa bwinobwino ili yotsegula. Kupala konse ndinachita ndi manja.

Ulendo woyamba ndinapupuluma. Ndinakwecha pang'ono ndi sandipepa ya 180, ndipo masana omwewo, mu Ogasiti mphepo ikuwomba fumbi la Lilongwe, ndinapopera penti woyera wochindikala kuti ndione msanga kukongola. Penti anayenderera ngati misozi m'mbali mwa thanki. Fumbi linakakamira pamwamba. Panatulukanso timaenje tozungulira ngati maso a usipa, ndipo mikwingwirima yonse ya sandipepa inkaonekera. Ndinadzilimbitsa mtima n'kuibwezera panjinga. Patapita sabata, pothira mafuta, timadontho ta petulo tinagwera pathanki. Nditapukuta ndi kansanza, penti anachita makwinya n'kutsalira pakansanzapo. Tsiku limenelo sindinadye nsima bwino.

M'mawa mwake ndinanyamula thanki kupita kwa mkulu wina amene wakhala akuwongola ndi kupenta galimoto kuyambira ine ndisanabadwe.

"Madala, ndalakwitsa pati?"

Sanayankhe msanga. Anatsinzina, n'kuyendetsa chikhatho pathanki ponse pang'onopang'ono, kenako anagwira dzanja langa n'kuliyendetsa pamalo omwewo. Ndinamva tizigwa ndi timapiri tomwe maso anga sanaone.

"Mwana wanga, penti sabisa kanthu. Chimene wasiya pansi adzachiulula, ndipo akawala m'pamene amaulula kwambiri."

Kwa iwo ndi kumene ndinamvetsa manambala a sandipepa. Nambala ikakhala yaing'ono, mchenga wake ndi waukulu. Ya 80 ndi yochotsera penti wakale ndi dzimbiri mpaka chitsulo chiyere, ya 180 ndi 240 zosalaza fila (phala lomatira pamalo ophwanyika), ya 400 kapena 600 yokwechera pulayima (penti woyambira wa pansi) ndi madzi. Ntchito ya nambala iliyonse ndi kufufuta mikwingwirima ya inzake yomwe yangodutsapo, ndiye ukalumpha kuchoka pa 80 kufika pa 600, zipsera za 80 zimatsalabe pansi. Anandiuzanso kuti pamalo ophwasuka ndizikulunga sandipepa pakathabwa, chifukwa zala zimakumba tinjira.

Za timaenje tija anandifunsa funso limodzi: njingayo ndi ya two-stroke? Ndinavomera. DT imawotcha oyilo limodzi ndi petulo, ndipo pazaka zonsezo mafuta anali atamatirira paliponse. Penti amathawa pomwe pali mafuta, ngakhale a chala chokha. Kuyambira pamenepo ndinkatsuka chilichonse ndi sopo wotsukira mbale, n'kupukuta ndi mankhwala ochotsa mafuta, ndipo ndikatero sindinkachigwiranso ndi manja osavala magolovesi.

Ulendo wachiwiri unanditengera masabata atatu, ndipo kupopera kwenikweni sikunakwane ola limodzi. Fila ndinkasakaniza pang'onopang'ono ndi hadena wake (mankhwala omulimbitsa), chifukwa amauma pamphindi zochepa, ndipo ndinkapaka mopyapyala, kukwecha, kupakanso, mpaka chikhatho chitasiya kumva chigwa cha pabondo paja. Chitsulo chosavala chimayamba dzimbiri msanga, choncho pulayima ndinapopera tsiku lomwe ndinamaliza kupala. Madigadi ndi zotchinga za m'mbali ndi zapulasitiki, zinafuna pulayima wakewake, apo ayi penti amasendeka pulasitiki ikapindika. Ekizozi ndinaipaka penti wakuda wopirira kutentha, amene pachitini analemba 600°C.

Nthawi yopopera ndinasankha m'mamawa mphepo isanadzuke. Ndinawaza madzi pabwalo kuti fumbi ligone, n'kupachika thanki ndi waya pakhonde. Chitini ndinachigwedeza mphindi ziwiri zathunthu. Dzanja limayenera kukhala pafupifupi masentimita 25 kuchoka pathanki, ndipo uyambe kukanikiza usanafike pachitsulo n'kusiya utachidutsa. Kuvuta kwake kuli mumtima. Ukapopera koyamba thanki imaoneka yamawangamawanga, ndipo umangofuna kuwonjezera pomwepo. Ndinaika chitini pansi, n'kudikira mphindi 15, n'kubwereza. Pofika kachitatu kuyera kunali kutakwanira, popanda msozi ndi umodzi womwe.

Nkhani ya petulo sindikanaithetsa ndekha. Penti wamba wa m'chitini amauma chifukwa thina wake (mankhwala omusungunula) wauluka, ndiye petulo akamugwera amamusungunulanso. Chimene chimapirira ndi kiliya wa 2K (penti wopanda mtundu wopopera pamwamba pa penti winayo), amene amasakanizidwa ndi hadena n'kulimba mosabwerera. Koma hadena ameneyu ali ndi mankhwala otchedwa isocyanate omwe amawononga mapapo ndipo amatha kuyambitsa mphumu. Masiki yansalu kapena yakuchipatala siteteza chilichonse pamenepa. Ndimaona anyamata ambiri m'magalaja akupopera atangomanga kansalu pamphuno, ndipo zimandidetsa nkhawa kwambiri. Ine ndinabweza thanki kwa madala aja, omwe ali ndi kompuresa ndi masiki yoyenera, kuti gawo limenelo achite iwo. Ndalama yomwe ndinalipira inali yochepa poyerekeza ndi zitini zimene ndinataya ulendo woyamba.

Mtundu sindinasinthe, ndi woyera monga zilili mu blue book, ndipo nambala ya fulemu yomwe ili pakhosi pa njinga ndinaimata tepi kuti penti asaikwirire.

Dzuwa likapendeka madzulo, pambali yakumanzere pamaoneka kafunde kakang'ono pomwe fila sindinamusalaze mokwanira. Munthu wodutsa sangakaone, koma chikhatho changa chimakapeza nthawi iliyonse ndikamapukuta. Fulemu ndi malimu sindinazikhudze. Mvula yayandikira, ndipo chinyezi chimachititsa penti kuoneka ngati wathiridwa mkaka, ndiye zimenezo zidikira mpaka Meyi.