Bimu ya konkire imayamba kuthyokera kunsi

Pa ntchito yathu ya m'labu yoyesa zomangira kuno ku Chipata, chimene anthu ambiri amachidziwa ndi makyubu. Kontirakitala akamathira konkire timatapako pang'ono, n'kuika m'tizikombole ta mamilimita 150 mbali zonse, ndipo pakatha masiku 7 ndi 28 timawaswa m'makina opanikiza. Nambala ya mphamvu yake ikatuluka 25 kapena 30 aliyense amakondwa, pepala n'kusainidwa. Koma kuyesa kumene ndimalakalaka mmisiri aliyense wa ku Kapata, ku Mchini ndi ku Nabvutika atakuona ndi maso ake ndi kuthyola bimu, yomwe ndi mtanda wa konkire. Sikubwera kawirikawiri. Amakufuna makamaka omanga misewu ya konkire, pansi pa nyumba zosungiramo katundu, ndi malo oimikapo mathiraki, chifukwa konkire ya m'malo otere imapindika tayala likaiponda.

Chikombole cha bimu n'chachitsulo: mamilimita 150 m'lifupi, 150 kuya, 700 kapena 750 m'litali. Timathira konkire m'magawo, gawo lililonse n'kulitsendera ndi ndodo yachitsulo kapena vaibureta kuti mpweya utuluke, kenako kusalaza pamwamba ndi kufunditsa saka yonyowa. M'kati simulowa chitsulo ngakhale chimodzi, chifukwa chimene tikufuna kudziwa ndi mphamvu ya konkire payokha. Mawa lake timamasula chikombole, bimu n'kulowa m'thanki la madzi kufikira tsiku la 28. Imalemera pafupifupi makilogalamu 40, choncho timainyamula awiri, mosamala. Madzi a m'thankimo ayenera kukhala pafupi ndi madigiri 20, zomwe si zophweka mu Okutobala kuno kwathu. Thanki limafuna mthunzi weniweni.

Tsiku loithyola timaivuula n'kuiyesa nthawi yomweyo, ikadali yonyowa. Timaigoneka cham'mbali, kuti mbali zosalala zomwe zinagunda chikombole ndizo zikhudze zitsulo za makina. Kunsi imatsamira pa zitsulo ziwiri zobulungira zotalikirana mamilimita 450. Pamwamba pamatsikira zina ziwiri zotalikirana mamilimita 150, kotero kuti mpata wonse wagawika patatu mofanana. Ndimajambula mizere ndi choko pa malo onse anayi. Njira imeneyi ndi yomwe ili m'malamulo a ASTM C78 ndi BS EN 12390-5. Ilipo inanso yopanikiza pakati penipeni pamodzi, koma imatulutsa nambala yokwererapo, ndiye zotsatira za njira ziwirizi sitizisakaniza.

Mukayatsa makina, katundu amakwera pang'onopang'ono, mosagwedeza. Mumayang'ana nambala ikukwera, 15, 20, 25, bimu ili duu. Sipindika moti diso n'kuona, silira, sigwetsa ngakhale kafumbi. Kenako mwadzidzidzi thyo! yaduka pawiri. Mukagwada n'kuyang'anitsitsa mudzaona kuti mng'alu wayambira kunsi, pakati pa mizere iwiri ya m'kati ija, n'kukwera m'mwamba. Zili monga kuthyola nzimbe pabondo: mbali yomwe yagunda bondo imafinyika, ndipo yong'ambika ndi yakutsidya yomwe ikukokeka. Pa bimu yotsamira mbali ziwiri, pamwamba pamafinyika, kunsi kumakokeka, ndipo konkire siyipirira kukokedwa.

Masamu ake ndi afupi. Katundu amene waithyola timamuchulukitsa ndi kutalika kwa mpata, n'kugawa ndi m'lifupi kuchulukitsa kuya kuchulukitsanso kuya. Pa miyeso yathuyi zimangotanthauza kugawa manyutoni (muyeso wa katundu amene makina apanikiza) ndi 7,500. Bimu yothyoka pa 30 kN, kutanthauza manyutoni 30,000, omwe ndi matani pafupifupi 3, yapereka 4 MPa (MPa ndi muyeso wa mphamvu ya konkire). Tsono kyubu ya konkire yomweyo, yothiridwa tsiku limodzi kuchokera m'wilibala imodzi, imatha kufika 30 MPa, kutanthauza kuti yasenza matani pafupifupi 70 isanasweke. Nthawi zambiri mphamvu ya kupindika imakhala pakati pa 10 ndi 20 peresenti ya mphamvu ya kupanikizidwa. Ophunzira obwera kudzazolowera ntchito amayamba akayika makina akaona manambala awiriwa pamodzi, koma makina amakhala alibe vuto. Mng'alu ukagwera kunja kwa gawo lapakati timawerengera mwanjira ina, ndipo ukapita kutali zotsatirazo timazitaya.

Ine chimene chimandisunga nthawi yaitali pa benchi ndi nkhope ya pothyokapo. Ndimatenga chidutswa chimodzi n'kupita nacho pakhomo pomwe pali kuwala. Konkire yabwino imaonetsa miyala yoduka pakati, kusonyeza kuti simenti inaigwira kolimba mwakuti mng'alu unalephera kuilambalala. Ina mumapeza miyala yazuka yathunthu, mbali inayo kwatsala timaenje tosalala, ndipo mukapititsa chala chimatuluka ndi fumbi. Pamenepo mumadziwa kuti miyala inali yafumbi, kapena mchenga unali ndi dongo, kapena wina anawonjezera ndowa ya madzi kuti konkire iziyenda mosavuta pafosholo. Mchenga wotapa m'mitsinje yathu mvula itangotha umabwera ndi matope ambiri. Kuuyesa sikufuna labu: uthireni m'botolo, onjezerani madzi, khutchumulani, n'kusiya usiku wonse. Matope onse amakhala mzere pamwamba pa mchenga.

Kuyesa kumeneku sikufuna chibwana, ndipo ndimamvetsa chifukwa chake makontirakitala sakukonda. Bimu ikangouma pamwamba kwa maola ochepa isanayesedwe, timing'alu tosaoneka timayamba ndipo nambala imatsika. Ikabwera kumbuyo kwa galimoto kuchokera ku Chadiza kapena ku Lundazi ikugubuduka pa chitsulo, imafika itavulala kale. Yoyenda ulendo iyenera kugonekedwa mumchenga wonyowa. N'chifukwa chake mainjiniya ambiri amathyola mabimu poyamba pa ntchito, n'kupeza mgwirizano wake ndi makyubu, kenako tsiku ndi tsiku amangoyesa makyubu.

Koma nkhawa yanga yaikulu ili ku nyumba za anthu, kumene kulibe wotapa kyubu ngakhale imodzi. Lintala ya pazenera, bimu ya pabalaza, silabu ya nyumba yosanja, zonsezi zimapindika mofanana ndi kabimu ka m'labu kaja, ndipo chomwe chimaziteteza ndi chitsulo. Nzeru yake ndi yakale. Joseph Monier, wosamala minda ya maluwa ku France, analembetsa mu 1867 luso loika waya m'miphika ya simenti. Chitsulo chimapirira kukokedwa, ndiye malo ake ndi kumene kukukokeka. Kugula ma Y12 (zitsulo za mamilimita 12) ambiri sikuthandiza ngati agona malo olakwika.

Mlamu wanga akumanga nyumba cha ku msewu wa ku Mfuwe, anandiitana kuti ndikaone asanathire kadenga ka konkire kotuluka panja pamwamba pa chitseko, kopanda nsanamira kutsogolo. Ndinapeza zitsulo zonse zayalidwa pa matabwa, kunsi. Kapitawo wake ndi bambo wachikulire, wodziwa ntchito, makoma ake oongoka bwino.

"A kapitawo, zitsulo za kadengaka bwanji zili pansi?"

"Bwana, silabu iliyonse chitsulo chimakhala pansi. Timatero kuyambira kale."

Ananena zoona za silabu yotsamira mbali ziwiri. Koma chinthu chogwira mbali imodzi yokha chimapindikira pansi kunsonga, ndiye pokokeka ndi pamwamba, makamaka pomwe chalumikizana ndi khoma. Ndinatola thabwa, n'kulipanikiza mbali imodzi pansi pa mabuloko, n'kuwapempha kuti apondereze kunsonga. Linayamba kung'ambikira pamwamba, pafupi ndi mabuloko. Anakhala chete kanthawi, kenako anaitana anyamata awo kuti amasule waya. Zitsulo zinakwezedwa pa timipando tachitsulo, n'kupindiridwa m'kati mwa bimu ya khoma. Ndinawalemekeza kwambiri tsiku limenelo. Ndinawapemphanso kuti pothira ayale matabwa oyendapo, chifukwa zitsulo zapamwamba zikapondedwa ndi majombo ndi wilibala zimabwerera pansi pomwe zinachoka.

Ngakhale pa bimu wamba, chitsulo chisagone pa thabwa penipeni. Chimafuna konkire yochikuta ya mamilimita 25 kapena kuposerapo, apo ayi chinyezi chimachipeza, dzimbiri n'kutupa, konkire n'kuyamba kusendeka. Timabuloko ta simenti tomangirira ndi waya timakwanira. Matabwa a m'mbali mukhoza kuchotsa pakapita tsiku limodzi kapena awiri, koma mitengo yochirikiza kunsi ikhale milungu iwiri, ndipo pa bimu yaitali milungu itatu. Ndikudziwa kuti mitengoyo imakhala ikudikiridwa pa nyumba ina, ndipo yobwereka amalipiritsa, komabe konkire ya masiku 7 imakhala isanafike pa mphamvu yake, makamaka ya simenti yolembedwa 32.5 pathumba, yomwe imakhwima mochedwerapo kuposa ya 42.5. Madzi azithiridwa mosalekeza kwa sabata yathunthu, m'mawa ndi madzulo, ndipo nyengo yotentha muifunditse masaka kapena udzu.

Bimu yokhala ndi chitsulo pamalo pake ili ndi ubwino umene ya m'labu ilibe: imachenjeza. Ikalemedwa imayamba kugwa mimba, timing'alu n'kuoneka, anthu n'kupeza mpata wochitapo kanthu. Timing'alu toongoka, topyapyala ngati tsitsi, kunsi chapakati, timapezeka pa mabimu ambiri ndipo si nthawi zonse pomwe timatanthauza ngozi. Mng'alu umene umandiopsa ndi wopendekeka, woyambira pafupi ndi pomwe bimu yatsamira n'kukwera chopingasa kulowera pakati. Umenewo umasonyeza kuti maring'i omanga zitsulo ndi ochepa kapena anatalikirana, ndipo bimu yotere ikhoza kugwa mosapereka nthawi. Mukauona, kapena mukaona mng'alu pamwamba pa kadenga pomwe kagundana ndi khoma, musaupake pulasitala. Chirikizani ndi mitengo tsiku lomwelo, chotsani katundu pamwamba, ana asasewerere pansi pake, ndipo itanani injiniya wolembetsedwa ku Engineering Institution of Zambia adzaone.