Zikomo kwa Amayi Oyandikana Nafe Nyumba

Ndikufuna ndithokoze poyera amayi ena achikulire amene timayandikana nawo nyumba. Dzina lawo sinditchula chifukwa sakonda kutamandidwa pagulu.

Patangotsala masiku atatu kuti Khirisimasi ikwane, keke yanga inaphwa pakati. Ana anga ataiona anangoti chete, ine misozi ili lengelenge. Amayi aja atamva anabwera atavala kale epuloni. Anandiuza kuti ndinkatsegulatsegula uvuni keke isanapse, ndipo mpweya wozizira ukalowa imaphwa. Anandionetsanso kupukusa batala ndi shuga mpaka zitayera, kenako n'kumathira mazira limodzilimodzi.

Koma chimene chinandikhudza kwambiri ndi zimene anachita keke ili pamoto. Anasakaniza makapu 2 a ufa wa tirigu, kapu 1 ya mchere ndi kapu 1 ya madzi, n'kupatsa ana kuti akande okha. Anawo anadula tinyenyezi, n'kuboola timabowo tolowetsamo ulusi, ndipo tinatiumitsa pa kutentha kochepa kwa maola angapo. Wamng'ono anadinda chikhatho chake pa kachidutswa kena. Kanyenyezi kake kanapindika, koma amayi aja sanakawongole, anangomuthandiza kukapaka utoto. Lero kakulendewera pawindo, ndipo aliyense wobwera amakaonetsedwa asanakhale n'komwe pansi.

Amayi, munasiya ntchito zanu tsiku lonse chifukwa cha ife. Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni. Mbale yanu yosakaniziramo ija idakali kuno, ndibwera nayo mawa muli mabisiketi amene ana aphika okha.