NGF yanga inagona kubwalo la ndege masiku anayi

Anzanga amene mukuyamba ntchito ya maselo a PC12 kuno ku Lusaka, ine ndamaliza dzulo, koma mtima sunatsikebe.

Zolera maselo mukuzidziwa kale. Maselo a PC12 ndi aja anachokera ku chotupa cha adrenal (kachiwalo ka pamwamba pa impso) ya khoswe mu 1976, oti ukawathira NGF (nerve growth factor, puloteni yokulitsa minyewa) amaleka kuchulukana n'kuyamba kutulutsa timiyendo ngati minyewa. NGF ikakakamira pa TrkA, puloteni yoilandira pakhungu la selo, uthenga umapatsirana pakati pa mapuloteni a m'kati, kuchoka kwa Ras kupita kwa Raf, kwa MEK, mpaka kwa ERK, amene amadzuka akamumata phosphate. Ntchito yanga inali kumugwira ERK ali maso, basi.

Chimene chinandiwawa ndi phukusi. Ndinaitanitsa NGF yosungunula kale, yobwera pa dry ice, ayisi wa carbon dioxide amene sasungunuka koma amangouluka. Itafika kubwalo la ndege, ofesi ina kumeneko inati pepala limodzi likusowa siginecha. Ndinachonderera, "Amayi, chonde, zili m'katimo zimaonongeka zikafunda." Iwo osadzutsa n'komwe mutu, "Mubwere mawa, abwana kulibe." Mawa lake chimodzimodzi. Ndalama ya minibasi ikungopita, kenako akundilipiritsanso yosungira katundu amene anamugwira okha! Tsiku lachinayi ndinatsegula bokosi pomwepo, lopepuka ngati mulibe kanthu, dry ice yense atauluka, kachubu kali kofunda m'manja mwanga. Misozi inalengeza. Itanitsani ya ufa, anzanga, imapirira ulendo.

Ndayiwala kunena: maselowo muyambe mwawamana serum, madzi a m'magazi amene timawadyetsa, usiku wonse, apo ayi ERK amakhala ali maso kale ndipo simuona kusiyana. Pophwanya maselo, zonse pa ayisi, ndipo sodium orthovanadate, mankhwala oletsa ma phosphatase (ma enzyme ochotsa phosphate), asasowe. Ine ndinataya mbale zisanu ndi imodzi malaiti atathima ayisi n'kundithera, ma phosphatase anachotsa phosphate yense.

Ya ufa ija inabwera patapita mwezi wathunthu. Mukaisungunula muigawe m'timachubu ting'onoting'ono, osamangoumitsa n'kusungunula kamodzimodziko. Koma ikhale ya ufa.

Ndinathira NGF 50 ng/ml, mbale zina EGF (epidermal growth factor, puloteni ina yokulitsa maselo). Pa mphindi 5 mizere iwiri yosonyeza ERK ali maso, ya mapuloteni olemera 44 ndi 42 kDa, inada bii mbali zonse. Litakwana ola, wa EGF anali atazilala, wa NGF akadali wakuda. N'chifukwa chake EGF imangochulukitsa maselo pamene NGF imawameretsa timiyendo: enzyme ndi imodzimodzi, ERK yemweyo, kusiyana n'kutalika kwa nthawi imene yakhala maso. Tsiku lachitatu pa maikulosikopu timiyendo tinali titayamba kugwirana, ndinaitana aliyense amene anali m'labumo kuti adzaone.