Mapilisi akulera a mahomoni awiri, zomwe ndaona ine

Azimayi anzanga, chaka chachitatu chino ndikumwa mapilisi aja okhala ndi estrogen ndi progestin. Paketi yanga imakhala ndi mapilisi 28: 21 ndi amahomoniwo, 7 otsalawo ndi a ayironi, nthawi imeneyo ndi yomwe ndimasamba. Kale ndikakhala kumwezi m'mimba munkapota zoti kunyanja kokapikula usipa sindinkapita, magazi ambirimbiri, koma pano ululu unachepa ndithu ndipo masiku anga ndimawadziwa. Anesi anandiuzanso kuti amachepetsa chiopsezo cha khansa ya thumba la mazira ndi ya mkati mwa chiberekero, koma ya khomo la chiberekero ayi, imeneyo tiziyezetsabe.

Chomwe chimandidetsa nkhawa n'choti ena kuno ku Mangochi amangogawana mapaketi osayezetsa BP. Mapilisiwa atha kuundanitsa magazi m'mitsempha, sizichitika kawirikawiri koma n'zoopsa, ndiye ngati muli ndi BP yokwera, mutu waching'alang'ala wochititsa chizimezime m'maso, mumasuta muli ndi zaka 35 kupita mtsogolo, kapena mukuyamwitsa mwana wosakwana miyezi 6, auzeni adokotala kaye. Mwendo ukatupa n'kumapweteka, kapena mukubanika, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Mapilisiwa sateteza ku HIV. Ine ndinatchera alamu ya 8 koloko madzulo pafoni kuti ndisamaiwale kumwa.