Ku Mount Vernon, kwa mayi wosunga makiyi

Sitima ya Metro inanditula ku Huntington, pomwe ndinakwera basi yopita ku Mount Vernon, mtunda wa makilomita pafupifupi 25 kumwera kwa Washington DC. Ambiri amapitako chifukwa cha George Washington, pulezidenti woyamba wa dziko la America, yemwe nyumba yake ili kumeneko. Ine mtima unali pa mkazi wake, Martha, poti chuma chochuluka cha banjali anabwera nacho ndi iyeyo.

Nyumbayo ukaionera patali umati ndi ya miyala. Ukafika pafupi n'kukhudza khoma, ndi matabwa: anawasema mizere, kuwapaka penti, kenako n'kuwaza mchenga pentiyo isanaume. Kuseri kuli khonde lalitali loyang'ana mtsinje wa Potomac, ndipo ndi pomwe alendo amatopetsana ndi zithunzi. Ine sindinakhalitsepo.

Martha anafika kuno mu 1759 ali kale mayi wamasiye wa mpondamatiki. Mwamuna wake woyamba, Daniel Parke Custis, anamwalira mu 1757, kumusiya ali ndi zaka 26, ana awiri, minda ya maekala oposa 17,000 ndi akapolo pafupifupi 300. Palibe m'bale wa kuchimuna anabwera kudzalanda katundu monga timaonera kwathu maliro akangotha. Anayendetsa yekha zonse, mpaka kumalembera makalata amalonda a ku London omwe ankagula fodya wake. Koma atangokwatiwanso, lamulo la nthawi imeneyo linapereka ulamuliro wa chumacho kwa George. Chotsala m'manja mwa Martha chinali makiyi.

Makiyiwo si nkhani yaing'ono. Kunja kwa nyumba yaikulu kuli tinyumba tambiri: khitchini, mochapira, ndi kanyumba koumitsira nyama ya nkhumba ndi utsi, komwe Martha ankanyadira kwambiri. Nyama, shuga, tiyi, zonse zinkatsekeredwa, ndipo m'mawa uliwonse mayiyu ndiye ankalamula zoti zituluke. Alendo ankabwera mazanamazana pachaka. Ophika, ochapa ndi osoka ambiri anali akapolo.

Nkhondo yofuna ufulu kwa Angerezi itayamba mu 1775, George anachoka pakhomo kukatsogolera asilikali a America kwa zaka 8, n'kungodutsapo pang'ono mu 1781. Martha sanakhale chete kudikira. Nyengo yozizira iliyonse ankatsatira mwamuna wake kumisasa ya asilikali, kuphatikizapo ku Valley Forge mu 1778. Mu 1776 analola kutemeredwa nthomba, katemera wa masiku amenewo woika dala matendawo m'thupi, yemwe ena ankafa naye. Pamenepa ndimamuvulira chipewa. Komanso chuma sichinamutchinge ku maliro: ana ake anayi onse anaika yekha, awiri oyamba mwamuna woyamba uja akadali moyo. Patsy anafa ndi khunyu mu 1773, Jacky anadwalira kumsasa wa ku Yorktown n'kumwalira mu 1781.

Chomwe chinandikhalitsa pansi ndi nkhani ya Ona Judge, mtsikana yemwe ankasamalira zovala za Martha ndi kumuthandiza kuvala. Mu May 1796, banjali lili ku Philadelphia George ali pulezidenti, Ona anamva kuti amupereka kwa mdzukulu wa Martha ngati mphatso. Anatuluka eni nyumba akudya, n'kukwera chombo kupita ku Portsmouth, New Hampshire. Martha anakhumudwa zedi, ati mwana womulera bwino chonchi angathawe bwanji. Mayi yemwe anazizidwa kumisasa chifukwa cha ufulu, zinamukanika kumvetsa kuti womupesa tsitsi naye amaufuna.

George atamwalira mu December 1799, Martha anatseka chipinda chawo n'kusamukira m'kachipinda ka pamwamba penipeni, ndipo makalata awo anawatentha. Pa akapolo 317 omwe anali pamalopa chaka chimenecho, 123 anali a George, ndipo anamasulidwa pa 1 January 1801. Enanso 153 anali a chuma cha Custis. Martha atamwalira mu 1802 anagawidwa kwa adzukulu ake anayi, ngakhale kuti ambiri anali atakwatirana ndi omasulidwawo, moti mabanja anamwazika.

Ndisanapite kokwerera basi ndinatsikira kumanda a akapolo, pafupi ndi manda a George ndi Martha, komwe anamangako chipilala mu 1983. Ona kulibeko. George anatuma anthu kawiri kuti akamutenge, koma Ona anakana, ndipo anamwalirira ku New Hampshire konko mu 1848.