Zomwe ndaphunzira za AI ndi nkhani yosaka ma alien

Patha masabata atatu tsopano ndikuwerenga za mmene asayansi akugwiritsira ntchito AI, makompyuta ophunzira kuchokera pa zitsanzo, pofufuza zakuthambo, nde ndati ndilembe zisanathawe m'mutu. Ndisaname, ndinayamba ndi maganizo a m'mafilimu, kuti kuli chikompyuta chinachake chomwe chatchera khutu usana ndi usiku ndipo tsiku lina chidzangoti "awo ali apo". Ayi ndithu. Ntchito yaikulu ya AI kumeneku ndi kusefa basi.

Pomwe panandizunguza mutu kwambiri ndi pa mapulaneti. Telesikopu ya Kepler yomwe NASA inatumiza mu 2009 sinkajambula mapulaneti ngati foto, inkangoyang'ana nyenyezi pafupifupi 150,000 n'kumayeza kuwala kwake. Pulaneti ikadutsa kutsogolo kwa nyenyezi yake kuwala kumatsika pang'ono kenako kubwerera, zikamabwerezeka pa nthawi yofanana ndiye kuti pali chomwe chikuzungulira. Koma pang'ono ndikunenayu ndi pang'ono zedi, dziko ngati lathuli likadutsa kutsogolo kwa nyenyezi ngati dzuwa kuwala kumatsika ndi 0.01 peresenti yokha, mwinanso osakwana. Ndinayesa kuona ma graph ake ndekha, aaa maso anachita kuwawa, paliponse pomwe mzere watsika ine ndimati pulaneti iyo, pomwe zina ndi nyenyezi ziwiri zongozungulirana, zina ndi mawanga a pa nyenyezi, zina ndi makinawo angosokonezeka.

Mu 2017 Christopher Shallue wa ku Google ndi Andrew Vanderburg anatenga masiginolo a Kepler a kutsika kwa kuwalaku okwana 15,000 omwe anali ataunikidwa kale, kuti awa ndi mapulaneti awa ayi, n'kuphunzitsira neural network, mtundu wina wa AI. Itagwira anaipatsa masiginolo ofooka omwe anali atangosiyidwa, nde inatulukira Kepler-90i, pulaneti ya nambala 8 kupezeka pa nyenyezi yotchedwa Kepler-90, ndipo chaka cha pulanetiyi ndi masiku 14.4 okha. Mu 2021 pulogalamu ina ya NASA, ExoMiner, inatsimikizira mapulaneti enanso 301. Apa ndinagoma.

Za ku Mars sizinandivute. Uthenga kuti ufike kumeneko umatenga mphindi 3 mpaka 22 kutengera komwe mapulaneti awiriwa ali, nde sungayendetse kagalimoto ndi rimoti, pomwe uziti "ima" kagwera kale. Pa timagalimoto ta NASA tomwe tili kumeneko, Perseverance imadzisankhira njira pozemba miyala, Curiosity nayo kuyambira 2016 imatha kusankha yokha mwala woti iwombe ndi laser.

Tsono pa ma alien penipenipo ndi pomwe ndakhalitsa, chifukwa pali funso lomwe linandisowetsa tulo. AI imaphunzira ndi zitsanzo eti? Mapulaneti zitsanzo tili nazo masauzande, adutsa 5,000 kalekale mu 2022. Nanga siginolo ya alien tili nayo ingati? Palibe olo imodzi. Zamoyo zomwe timazidziwa ndi za pano pokha. Nde makina uwaphunzitsa bwanji kuzindikira chinthu chomwe iwe mwini sunachionepo?

Yankho ndinalipeza pa ntchito ya Peter Ma, yemwe anali mwana wasukulu pa University of Toronto, inatuluka kumayambiriro kwa 2023. Anachita kupanga masiginolo ongoyerekeza n'kuwasakaniza mu deta yeniyeni kuti kompyuta iphunzirirepo, kenako anaipatsa deta ya maola 480 ya telesikopu ya Green Bank ku America, nyenyezi 820, pansi pa pulojekiti yosaka masiginolo a ma alien ya Breakthrough Listen, yomwe mpondamatiki Yuri Milner anaikamo madola 100 miliyoni mu 2015. Nzeru yake ndi yosavuta, telesikopu imaloza pa nyenyezi kenako kuloza pambali, siginolo ikakhala yochokeradi ku nyenyeziyo iyenera kusowa mukaloza pambali, ikapitirira ndiye kuti ndi phokoso lathu lomwe, mafoni, GPS, masetilaiti. Pomaliza panatsala masiginolo 8 ochititsa chidwi. Atakalozanso kachiwiri sanawapezenso. Zii.

Ine apa ndaona kuti makinawo sasaka ma alien kwenikweni, amasaka chomwe ife tikuganiza kuti alien angatumize, kutanthauza kuti ngati kuganiza kwathu kwaphonya nawonso aphonya, kungoti iwo aphonya mwachangu. Ndipo phokoso la anthu ndi lopusitsa heavy. Ku telesikopu ya Parkes ku Australia asayansi anakhala zaka akudabwa ndi masiginolo achilendo, mu 2015 ndi pomwe zinadziwika kuti inali microwave ya pamalopo, munthu akatsegula chitseko isanazime. Ndinaseka ndekha. Telesikopu yomweyo mu 2019 inagwira siginolo ina yomwe anaitcha BLC1, yooneka ngati ikuchokera ku Proxima Centauri, nyenyezi yoyandikana nafe kwambiri tikachotsa dzuwa, anthu mitima m'mwamba, mapeto ake inalinso ya zipangizo za pansi pompano.

Sikuti ndikunyoza AI, deta yake ndi yochuluka moti munthu sangaimalize olo atakhala moyo kakhumi. Koma mitu ya nkhani yoti "AI yapeza zizindikiro za ma alien" pano ndimayamba ndafunsa kaye kuti anaiphunzitsa ndi chani, komanso analozanso kachiwiri? Ngakhale mwala uja wa mawanga ngati a kambuku womwe Perseverance inapeza mu 2024 pamalo otchedwa Jezero ku Mars, a NASA akungoti mwina ndi chizindikiro cha zamoyo zakale, kachidutswa kake kali mu chubu konko kudikira kuti kadzafike mu labu.

Sabata yamawa ndikufuna ndiyese kuphunzitsa kamodelo kangakanga ka AI, deta ya Kepler ndi yaulele pa intaneti. Python yanga, chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta, ndi yopunduka koma ndiyambira pa Kepler-90 yomweyo, ndione ngati olo mapulaneti akuluakuluwo ndingawagwire.