Ulendo wathu wa ku Tikitere, kumene nthaka imawira

Tinanyamuka ku Auckland, kuno ku New Zealand, Loweruka cha m'ma 6 koloko m'mawa, tili anthu 13 kuphatikizapo ana atatu, pa minibasi yochita hayala. Unali mwezi wa July, chisanu chili pachimake, moti amayi anafunda zitenje pamwamba pa majekete. Ndalama za ulendowu tinayamba kusonkha mu March pa misonkhano yathu ya mwezi ndi mwezi ya Amalawi okhala mumzinda uno. Ine ndinapatsidwa ntchito yolemba zimene taona, kuti abale amene anatsala chifukwa cha mashifiti amveko.

Nkhani inavuta tisanakwere n'komwe galimoto, ndipo chinavuta ndi dzina. Pazikwangwani ndi pa intaneti malowa, omwe ali pafupi ndi tawuni ya Rotorua, amalembedwa kuti Hell's Gate, chipata cha ku Gehena. Amayi achikulire a m'gulu lathu, amene tonse timawatchula kuti Agogo, anauza atcheyamani maso ndi maso kuti iwo sangatulutse ndalama yawo kukalowera pachipata chotere. Anavomera pambuyo pake atamva kuti eni nthaka ali ndi dzina lawolawo, Tikitere, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanatchulenso dzina lina.

Kuchokera ku Auckland kukafika ku Rotorua ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 230, maola atatu ngati simuima. Ife tinaima ku Tirau kumwa tiyi ndi mandasi amene tinanyamula. Rotorua mumayamba kumumva ndi mphuno. Ana anali oyamba kufunsa ngati wina waswa dzira lowola m'galimoto, koma fungolo ndi la mpweya wa sulufule wotuluka pansi. Tinapitirira tawuni n'kulowa msewu wa State Highway 30 wopita ku Whakatāne, ndipo titayenda makilomita ngati 16 tinaona nthunzi ikufuka kuseri kwa mitengo ngati pali anthu akutentha makala.

Amene anatiperekeza anali mnyamata wa Chimaori, mtundu wa eni nthaka a dziko lino. Malowa ndi a fuko la Ngāti Rangiteaorere, ndipo iye asanatisonyeze china chilichonse anatiimika padziwe loyamba n'kutiuza za Hurutini, mwana wamkazi wa banja lachifumu amene anadziponya m'madzi owira chifukwa cha nkhanza za mwamuna wake. Mayi ake atamupeza analira maliro akuti mwana wanga wokondedwa watengedwa, wapita ndi madzi, ndipo dzina la Tikitere linachokera m'mawu a maliro amenewo. Dziwelo mpaka lero limatchedwa Hurutini. Dzina lachingerezi lija linabwera mochedwa kwambiri, kuchokera kwa mlembi wa ku Ireland, George Bernard Shaw, amene anacheza m'dziko lino mu 1934.

Agogo anaima nthawi yaitali pamenepo, dzanja lili patsaya. Kenako anati, "Ndiye pano ndi pamanda a mwana wa munthu. Tiyende mwaulemu, ana inu." Ana aja anasiya kuthamanga. Ineyo zinandikhudza kuti mlendo amene anangodutsa ndiye dzina limene anapatsa malowa lamveka dziko lonse, pamene kulira kwa mayi mumakumva pokhapokha mutafika n'kufunsa.

Tinayenda kupitirira ola limodzi m'tinjira tokhala ndi mipanda, ndipo lamulo ndi loti phazi lisatuluke m'njira, chifukwa pena nthaka yake ndi kachikhungu chabe pamwamba pa madzi owira. Kulibe udzu, kulibe mtengo, nthaka ndi yotuwa, m'mphepete mwa mabowo muli sulufule wachikasu ngati ufa wa chimanga chofiira. Pamene ndinachedwa kwambiri ndi pamaiwe a matope. Amene munaphikapo nsima mukudziwa mmene phala limachitira mukangothira ufa woyamba: thovu likufufuma pang'onopang'ono, n'kuphulika kuti phwa, n'kusiya mizere yozungulira. Ndi momwemo, kungoti mphika wake ndi waukulu ngati bwalo la nyumba ndipo palibe wosonkhezera moto. Palinso kaphiri ka matope kotalika kuposa munthu, kamene kamakula chifukwa cha matope olavulidwa pamwamba pake.

Mchimwene wina wa m'gulu lathu amaphunzira za miyala, ndipo anatimasulira m'Chichewa zimene wotiperekeza uja anali kunena. Pansi pa chilumba chino cha North Island, chigawo cha nthaka cha Pacific chikulowa pansi pa chigawo cha Australia, ndipo miyala yosungunuka yafika pafupi ndi pamwamba m'dera lonse lochokera ku tawuni ya Taupō mpaka kunyanja. Madzi a mvula akalowa pansi amatenthedwa, nthunzi imakwera pamodzi ndi mpweya wa sulufule, mpweyawo ukakumana ndi mphepo ya kunja umasanduka asidi, ndipo asidiyo ndi amene amadya miyala mpaka kukhala dongo losalala. Moto wa pansiwu si wamasewera. Pa 10 June 1886 phiri la Tarawera, lomwe silili kutali ndi pano, linaphulika usiku n'kukwirira midzi, ndipo anthu oposa 100 anafa, ambiri a iwo Amaori.

Pakati pa malo ouma aja pali kankhalango kobiriwira, ndipo m'menemo muli mathithi a Kakahi, amene madzi ake amagwa ali ofunda pafupifupi madigiri 40. Ankhondo a Chimaori akabwera kunkhondo ankasamba pamenepa kutsuka mabala ndi magazi. Palinso dziwe lina limene ankaphikamo chakudya. Tsono malo amene mlendo anaonapo Gehena, eni ake anali ndi chipatala ndi khitchini pomwepo.

Apa ndi pamene Agogo anatsegula pakamwa za kwawo. Iwo anakulira ku Nkhotakota, ndipo anatifotokozera mmene ankapitira ku Mawira ndi beseni la zovala pamutu, kukachapa ndi kusamba madzi otentha osasonkha nkhuni. Bambo wina wa ku Rumphi anawonjezera za akasupe a ku Chiweta. Wa za miyala uja anati kwathu madzi amatentha chifukwa amalowa pansi kwambiri kudzera m'ming'alu ya chigwa cha Rift Valley, n'chifukwa chake akasupe athu amatulutsa madzi oyera osati matope owira. Ana obadwira kuno sanakhulupirire kuti ku Malawi kulinso zotere.

Masana tinalowa m'matope. Tinavula mphete, ndolo ndi mawotchi, chifukwa sulufule amadetsa siliva. Bafa lake ndi dziwe laling'ono la madzi otuwa ofunda, ndipo dongolo mumalitapa ndi manja n'kumadzola m'mikono, m'mapewa, m'khosi. Ndi losalala ngati mafuta odzola, lopanda kamchenga ngakhale kamodzi, ndipo mukatulutsa mkono kumphepo ya July limauma msanga n'kuyamba kukoka khungu. Nthawi yake ndi mphindi 20 basi, popeza kutentha kumafooketsa thupi. Anatichenjeza kuti tisapake pafupi ndi maso ndiponso tisamize mutu. Lachiwirili ndi chenjezo la m'maiwe onse otentha a m'dziko lino, chifukwa m'madzi otere mukhoza kukhala tizilombo tolowera m'mphuno toyambitsa matenda oumitsa khosi. Makolo tinagwira ana pafupi.

Agogo sanalowe thupi lonse. Anakhala m'mphepete, chitenje atakwinyira m'mawondo, miyendo ili m'madzi, ndipo mtsikana wina wa zaka 9 anagwada n'kumawapaka matope m'mawondo mmene amadandaula nyamakazi. "Pakanso apa, mdzukulu wanga," ankatero, mtsikanayo n'kumatapa ena. Sindinganene kuti matope amachiza nyamakazi, koma ndinawaona akuyenda momasuka pobwerera kugalimoto, ndipo kufunda kokhako pa mawondo opweteka ndi chinthu chachikulu. Titatsuka matope pashawa tinaviika m'dziwe la madzi a sulufule, nthunzi ikukwera, mphepo yozizira ikutiomba kumaso.

Kwa amene mudzapite ulendo wina, tengani chovala chosambira chakale ndi thaulo lakale, ndipo pobwera muzikulunge m'jumbo yakeyake, chifukwa fungo la sulufule silichoka pochapa kamodzi. Nyamulani madzi akumwa okwanira; awiri a ife anamva chizungulire atatuluka m'madzi otentha. Tinalakwitsanso kusungitsa malo mochedwa, mwakuti tinalowa m'matope m'magulu awiri ndipo ena anadikira akunjenjemera. Amayi oyembekezera ndi amene ali ndi BP afunse kaye adokotala awo.

Tinafika ku Auckland cha m'ma 9 koloko usiku. Msungichuma adzapereka ndondomeko ya ndalama pamsonkhano wa August. Agogo apempha kuti pamsonkhano womwewo akhale ndi mphindi zingapo zofotokozera ana za ku Mawira, ndipo aliyense amene ali ndi zithunzi za akasupe a kwathu abwere nazo.